MALEMU DANIEL KACHAMBA: MWANA WA NG'ONA SAKULIRA DZIWE LIMODZI



A Mkonzi atandipempha kuti m'kope lino ndilembeko mbiri ya munthu mmodzi wotchuka amene adatisiya kale, m'mutu mwanga mudabwera mayina ambiri a andale ndi a atsogoleri a mipingo. Koma pamapeto pake mtima wanga udakhazikika pa woimba gitala, malemu Daniel Kachamba, amene ambiri timam'dziwa ndi dzina loti Dokotala Kachamba. Ena mwa inu mufunsa kuti kodi mwana wa kwa Nyachikadza, wokulira kutsidya kwa Shire m'madambo a Ndindi, zikum'khudza bwanji za munthu wa ku Chileka. Ndikupemphani kuti muleze mtima, yankho mulipeza tisanafike kumapeto.

Ndiyambe ndi kuvomera kuti Kachamba sindidamuonepo ndi maso. Pamene ankamwalira m'chaka cha 1987 n'kuti ine ndili m'makalasi oyambirira a ku pulayimale. Ndidam'dziwira pa wailesi ya bambo anga ya mtundu wa Nzeru, imene mabatire ake tinkawayanika padzuwa masana kuti madzulo atiimbireko pang'ono. Masiku amenewo wailesi ya kanema kudalibe m'dziko muno, pakuti idadzayamba m'chaka cha 1999, kotero kuti woimba tinkam'dziwa ndi khutu lokha. Nyimbo ya Kachamba ikayamba, ine ndi abale anga tinkakangana kuti oimba gitala alipo angati. Wina ankati awiri, wina ankati atatu. Amalume anga, amene anali katswiri pa bangwe, ankangoseka n'kutiuza kuti ndi munthu mmodzi yekha. Ife sitinkakhulupirira. Tinkadabwa kuti munthu amene sadagwirepo gitala chibadwire angadziwe bwanji zimenezi.

UBWANA WAKE

Daniel James Kachamba adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947. Bambo ake, a James Kachamba, anali munthu wa zoimbaimba nawonso, tsono mwanayo adakulira m'nyumba imene kulira kwa nsambo sikudali chinthu chachilendo. Inali nthawi imene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene, ndipo asilikali a KAR amene ankabwerera kumudzi, pamodzi ndi anthu ochokera ku migodi, adafalitsa gitala ndi banjo m'matauni ndi m'midzi. Kudabukanso kaimbidwe kotchedwa hauyani, komwe woimba amagoneka gitala pamiyendo n'kumatereretsa botolo kapena mpeni pa nsambo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 banja la a Kachamba linali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Sadali okha. Iyi inali nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba m'chaka cha 1953 n'kutha m'chaka cha 1963, ndipo anthu ambirimbiri a kwathu kuno ankapita ku Rhodesia kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ena ankapitirira mpaka ku Joni kudzera ku Wenela. Ndikhulupirira kuti aliyense wa ife ali ndi agogo kapena amalume amene adayendako ulendo umenewu, ena adabwerako ndi njinga ndi galamafoni, ena adasanduka matchona.

Ku Salisbury n'kumene mnyamata Daniel adakumana ndi nyimbo za kwela. Nyimbozi zidabadwira m'makomboni a ku Johannesburg, kumene anyamata osauka ankaimba m'mphepete mwa misewu ndi zitoliro zachitsulo zotsika mtengo, gitala, ndiponso besi ya nsambo imodzi yopangidwa ndi bokosi la tiyi ndi ndodo, imene ambiri timaitcha babatoni. Akatswiri ake anali anthu ngati Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso, ndipo m'chaka cha 1958 nyimbo ina ya kwela yotchedwa Tom Hark idatchuka mpaka ku Britain. Dzina loti kwela likufanana ndi liwu lathu loti kwera, ndipo m'makomboni amenewo galimoto za apolisi zonyamula anthu omangidwa zinkatchedwa kwela-kwela. Anyamata oimbawo anali atamvera nyimbo za jazi za ku America pa mbale za galamafoni ndi m'makanema, n'kuzisandutsa kukhala zawozawo. Choncho kwela pofika m'makutu a Daniel inali kale mwana wobadwa ku mitundu iwiri.

GULU LA PACHIBALE

Banja litabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, lidakhazikika m'mudzi wa Singano, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Apa Daniel adayambitsa gulu la zoimba pamodzi ndi mng'ono wake Donald ndi anyamata ena a m'deralo. Daniel ankatsogolera ndi gitala ndi mawu, Donald, amene anali adakali wamng'ono zedi, ankaliza chitoliro, wina ankagwira besi ya nsambo imodzi, wina maseche. Gululi lidadziwika ndi dzina loti Kachamba Brothers Band. Malo awo oimbira anali misewu ya Blantyre, misika ndi malo achisangalalo, ndipo malipiro awo anali makobiri amene odutsa ankaponya.

Chochititsa chidwi n'chakuti pa nthawi imeneyi kwela inali itayamba kuzilala kwawo ku South Africa, chifukwa makampani ojambula nyimbo anali atatembenukira ku magitala amagetsi ndi nyimbo za mbaqanga ndi simanjemanje. Mbewu imene inkafota kwa eni munda idadzamera bwino m'dimba la eni ena. Anyamata a ku Chileka adasunga ngakhale kalizidwe kenikeni ka chitoliro cha kwela, kolowetsa chitolirocho mkati mwa kamwa chopendekera kutsaya, kuti chitulutse mawu okulirapo ndiponso otha kupindika ngati mawu a munthu.

M'chaka cha 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, Gerhard Kubik, adawapeza anyamatawa akuimba mumzinda wa Blantyre. Kubik anali atayenda kale m'mayiko ambiri a mu Africa, ndipo adazindikira msanga kuti zimene ankamvazo sizinali masewera a ana. Adajambula nyimbo zawo pa tepi, adawajambulanso kanema, ndipo pambuyo pake adalemba buku lonse lathunthu lonena za gululi, lotchedwa The Kachamba Brothers' Band, limene lidasindikizidwa m'Chingerezi m'chaka cha 1974 kudzera ku Yunivesite ya Zambia. Mfundo yaikulu ya bukuli inali yakuti nyimbo za a Kachamba sizinali zongokopera kwa alendo, koma zinali nyimbo zachikhalidwe zimene zavala malaya atsopano. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Padafunika munthu wochokera kutali kuti atiuze kuti anyamata amene tinkawaponyera makobiri m'misewu anali akatswiri oyenera kulembedwa m'mabuku.

LUSO LAKE LINALI PATI?

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Gitala amene timagula m'sitolo amakhala ndi nsambo zisanu ndi imodzi, zokungidwa mwa dongosolo limene azungu adakhazikitsa. Kachamba sadalione dongosololi ngati lamulo. Kawirikawiri ankachotsa nsambo imodzi n'kutsala ndi zisanu, ndipo ankazikunga m'njira zosiyanasiyana malinga ndi nyimbo imene akufuna kuimba, njira iliyonse ili ndi dzina lake. Woimba bangwe amachitanso chimodzimodzi: amakunga nsambo motsata khutu lake ndi mawu ake, osati motsata buku.

Chachiwiri ndi kagwiritsidwe ntchito ka zala. Akamaimba yekha, Kachamba ankakhwacha ndi zala ziwiri za dzanja lamanja, chala chachikulu ndi chamkombaphala. Chachikulu chinkayendetsa mawu a besi pa nsambo zonenepa, pamene chamkombaphala chinkaimba nyimbo ina pa nsambo zowonda, ndipo ziwirizi zinkalowerana, china chikuyankha m'mipata imene chinzake chasiya. Kaimbidwe ka zala ziwiri kotereka kadatchuka kwambiri ndi Mwenda Jean Bosco wa ku Katanga m'dziko la Congo, amene Hugh Tracey adam'jambula m'chaka cha 1952. Koma kulowerana kwa mawu kumeneku ife a kuchigwa timakudziwa kuyambira kale. Ndi mmene anthu atatu amagawanirana valimba mmodzi, wina kumawu aang'ono, wina pakati, wina kumawu aakulu, mpaka womvera osadziwanso kuti dzanja la uyu lathera pati ndipo la uyo layambira pati. Ichi n'chifukwa chake amalume anga sadavutike kuzindikira kuti pa wailesi paja ankaimba munthu mmodzi. Gitala anali wachilendo kwa iwo, koma nzeru imene inali m'zala za woimbayo inali yakwawo.

Chachitatu ndi mayendedwe a nyimbo. Nyimbo za Kachamba zimayenda mozungulira: kachigawo kakafupi kamabwerezedwa, koma ulendo uliwonse woimba amasinthako pena, kuwonjezera apa, kuchotsa apo, monga achitira wang'oma waluso pa gule. Woimba wosadziwa amangobwereza mpaka anthu kutopa, koma katswiri amabwereza mokuti womvera amadikira mwachidwi kuti tsopano atulukira pati.

Chachinayi n'chakuti Kachamba sadakhutire ndi kwela yokha. Adatola rumba ya ku Congo, adatola twisti ya ku Kenya, adatola simanjemanje, ndipo zonsezi zidalandira mayina ndi mayendedwe a kuno. Rumba idasanduka lumba, monga tikumvera m'dzina la nyimbo yake yodziwika ija ya Dolosina Lumba, ndipo padalinso mavinidwe ngati sinjonjo ndi sabasaba. Pamwamba pa zonsezi adaikapo Chichewa chenicheni cha anthu wamba, chonena za maukwati, umasiye, kaduka, maulendo ndi imfa, mosakaniza nthabwala ndi chisoni monga zikhalira pa maliro a kumudzi. Tonse tikudziwa kuti m'chilankhulo chathu liwu limasintha tanthauzo malinga ndi kukwera kapena kutsika kwa mawu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Wopeka nyimbo m'Chichewa ayenera kulemekeza zimenezi, apo ayi nyimbo yake imamveka ngati mlendo amene akuphunzira kulankhula. Nyimbo za Kachamba sizimveka choncho. Chilankhulo ndicho chinkatsogolera, gitala n'kumatsatira pambuyo.

KUTCHUKA NDI IMFA YAKE

M'chaka cha 1972 Kachamba adatuluka m'dziko muno kukaimba ku East Africa ndi ku Ulaya mothandizana ndi Kubik. Mnyamata wa m'misewu ya Blantyre adaimirira pamaso pa anthu ophunzira za nyimbo, iwo ali chete kumvetsera ndi kufunsa mafunso. M'zaka zotsatira abale awiriwa aliyense adatsata njira yake. Donald adapitiriza ndi gulu la kwela limene lidayenda m'mayiko ambiri, pamene Daniel adadziwika kwambiri ngati woimba payekha, ndipo wailesi ya MBC, imene inali yokhayo m'dziko muno, idafikitsa mawu ake kulikonse, kuyambira ku Chitipa mpaka kwathu kwa Nyachikadza kumene galimoto silifika.

Tisaiwale kuti m'masiku ake woimba analibe bungwe lom'tolerera ndalama nyimbo zake zikamaseweredwa. Lamulo latsopano loteteza aluso lidadza m'chaka cha 1989, ndipo bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, Kachamba atapita kale. Dziko lonse linkavina nyimbo zake, koma kutchuka ndi chuma ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mwa nyimbo zimene adapeka pali ina yotchedwa Maliro a Kachamba, momwe amalingalira za tsiku la maliro ake omwe iye akadali moyo. Tsikulo silidachedwe. Daniel Kachamba adamwalira pa 25 July 1987 ali ndi zaka pafupifupi 40 zokha, msinkhu umene ambiri a ife amene tikuwerenga kalata ino taupitirira kale.

Mwayi wake ndi wakuti ntchito yake sidapite naye kumanda. M'chaka chomwecho cha 1987 Yunivesite ya Malawi idasindikiza buku la Kubik lofotokoza za nyimbo za m'Malawi, limene adalemba mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba. M'chaka cha 1992 kudatuluka kaseti yokumbukira Daniel, ndipo m'chaka cha 1995 ku America kudatuluka kanema wa akatswiri a gitala a mu Africa amene Kubik adawajambula, momwe Kachamba akuoneka pamodzi ndi Mwenda Jean Bosco ndi ena. Donald adaitanidwa kukaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles m'chaka cha 1999, ndipo adamwalira mu January 2001. Ku Chileka komweko Malamusi adakhazikitsa malo osungirako nyimbo, nthano ndi zipangizo zachikhalidwe. Ine ndidadzaona zala za Daniel Kachamba koyamba pa intaneti ndili bambo wa ana kale. Ndidaonera kanemayo katatu, ndipo ndidavomera kuti amalume ankanena zoona: anali munthu mmodzi.

NANGA IFE A KUCHIGWA?

Tsopano ndibwere ku funso lija. Anzanga amene tidali limodzi pasukulu m'zaka za m'ma 1990 mukukumbukira mmene ena a ife tinkachitira manyazi ndi kwathu. Kuyambira m'chaka cha 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chisena sichinkamveka pa nkhani za pa wailesi, mpaka m'chaka cha 1996 pamene MBC idayamba kuulutsa nkhani m'Chisena, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chitonga. Palibe amene adatikakamiza kunyoza zakwathu, koma tokha tinkabisa malankhulidwe athu, ndipo pa zisangalalo za Loweruka tinkafuna rege ndi kwasakwasa basi. Valimba, utse ndi likhuba tinkati n'za anthu osaphunzira. Ine ndemwe, popita kutchuthi, ndinkadutsa amalume akuimba bangwe pakhonde ngati sindikuwamva.

Ndili ku Chancellor College ku Zomba ndidapeza buku la Kubik lija m'nyumba yowerengeramo mabuku, ndipo ndidachita manyazi a mtundu wina. Ndidaphunzira kuti ofufuza omwewo amene adalemba za Kachamba adafikanso kuchigwa kwathu, ndipo adajambula akatswiri ngati Limited Mfundo, woimba bangwe wa m'boma la Nsanje. Pambuyo pake ndidadziwanso kuti m'chaka cha 1991 Andrew Tracey adalemba za Kambazithe Makolekole ndi gulu lake la valimba. Zimene ine ndinkazithawa, anthu a maphunziro apamwamba ankaziwolokera nyanja.

Komatu phunziro la moyo wa Kachamba si lakuti titaye gitala tibwerere ku bangwe. Iye sadachite zimenezo. Adalandira chilichonse chimene dziko lidam'patsa, cha ku Johannesburg, cha ku Katanga, cha ku Nairobi, koma adachilandira ngati mwini nyumba amene akulandira mlendo, osati ngati kapolo amene akulandira bwana. Adatha kutero chifukwa khutu lake lidali litakhwima ndi zakwawo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma dziwe lililonse limene apita amakhalabe ng'ona. Kuchigwa kwathu njira yomweyi adaitsata a gulu la Lucky Stars, ndiponso malemu Joseph Tembo amene adatisiya m'chaka cha 2019. Iwowa adaika Chisena ndi mayendedwe a ng'oma zakwathu pa magitala, dziko lonse n'kuvina, ngakhale amene samamva liwu ndi limodzi lomwe. Koma mwana wa lero amene ali ndi kompyuta yopangira nyimbo, ngati sadamvepo valimba akulira usiku, adzasakaniza chiyani ndi chiyani? Adzangokopera, ndipo wokopera saposa mwini wake.

Apa ndipo pali nkhawa yanga. Kachamba tikumumvabe lero chifukwa wina adaima, adamvetsera, adajambula. Amalume anga palibe adawajambula. Madzi osefukira a mu January 2015 atalowa m'mudzi mwathu, anthu adathawa pa mabwato ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo bangwe wawo adapita ndi madzi pamodzi ndi mbuzi ndi nkhokwe. Sadapangenso wina. Patapita zaka zochepa adamwalira, ndipo nyimbo zawo zonse, zimene zina adaphunzira kwa agogo awo, zidakwiriridwa nawo limodzi. Chimene chimandipweteka n'chakuti zaka zonsezo ndinkapita kumudzi ndili ndi foni m'thumba yotha kujambula mawu ndi zithunzi. Ndinkati ndidzachita ulendo wina. Kuyambira pamenepo kwadutsa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo ulendo uliwonse timawerenga nyumba, ziweto ndi minda zimene zawonongeka, monga kuyenera kutero, koma palibe amene amawerenga ng'oma, valimba ndi nyimbo zimene zatayika anthu akabalalika m'misasa.

PEMPHO LANGA

Bungwe lathu lachita zambiri zothandiza ana amene ali pasukulu pano, ndipo ndikuthokoza akuluakulu a komiti chifukwa cha kudzipereka kwawo. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wapachaka tikambiraneko zinthu ziwiri zimene sizifuna ndalama zambiri. Choyamba, aliyense wa ife akapita kumudzi afunefune gogo mmodzi woimba bangwe, valimba, kalimba kapena nyimbo za pamtondo, am'pemphe chilolezo mwaulemu, am'jambule pa foni, alembe dzina lake, mudzi, tsiku ndi tanthauzo la nyimbozo, ndipo asachoke osam'thokoza ndi kangachepe. Zojambulazo tidzazisonkhanitse pamodzi, kope lina likhale kusukulu, lina kwa eni ake. Chachiwiri, tipemphe akuluakulu a sukulu kuti kamodzi pa teremu tiziitana woimba wachikhalidwe kudzakhala ndi ana amene amakonda zoimba, iwo abwere ndi magitala awo, iye abwere ndi valimba wake, ndipo bungwe lathu lilipire ulendo wake. Sitikudziwa kuti mwa ana amenewo Kachamba wina ali pati.

Ine ndayamba kale. Mwezi wathawu ndidawoloka Shire pa bwato ndipo ndidakhala masana onse ndi gogo wina amene ankaimba limodzi ndi amalume anga. Manja awo akunjenjemera tsopano, koma adandiimbira nyimbo zisanu ndi imodzi, ndipo ziwiri mwa izo ndidazizindikira kuti ndi zomwe zija ndinkazidutsa pakhonde.

Mzimu wa malemu Daniel Kachamba uuse mumtendere.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wakale wa kwa Nyachikadza, Nsanje.